Mmene tikuyendera ndi matenda oiwala a amayi

Nditaona kuti kuiwala kwa amayi kwapitirira muyezo, ndinayamba ndi kugula kope. Kuiwala pomwe waika makiyi n'kwa tonsefe. Koma amayi ankagwira makiyiwo m'manja n'kumafunsa kuti ndi a ntchito yanji, ndipo tsiku lina anasochera panjira yomwe akhala akuyendapo zaka zambirimbiri. M'kopemo ndinkalemba tsiku, nthawi, zomwe zachitika, ndi mankhwala onse omwe ankamwa, ngakhale ogula okha. Kuchipatala kopelo ndi lomwe linatilankhulira, chifukwa pamaso pa adokotala amayi anali munthu wabwinobwino, woseka, woyankha mwaulemu kuti alibe vuto lililonse. Odwala matendawa amatha kubisa, makamaka akaona mlendo.

Adokotala sanathamangire kutchula dzina la matenda. Anayamba ndi kufufuza zinthu zochizika zomwe zimaiwalitsanso munthu: kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, matenda ovutika maganizo, mankhwala ogonetsa. Anatenga magazi ndi mkodzo. Kenako anawapatsa mawu atatu oti asunge, anawafunsa chaka, mwezi ndi malo omwe tinali, n'kuwapempha kuti ajambule wotchi. Amayi anajambula chozungulira chooneka bwino, koma manambala onse anawaunjika mbali imodzi, mivi osaika. Atafunsidwa mawu atatu aja, linabwera limodzi lokha. Lilime linkandiyabwa kuti ndiwanong'oneze, koma adokotala anali atandiuziratu kuti ndisawathandize.

Zotsatira zonse zitabwera, anatiuza kuti ndi dementia, kufooka kwa ubongo komwe kumaiwalitsa ndi kusokoneza kuganiza, ndipo zizindikiro zikuloza ku matenda a Alzheimer. Bungwe loona za umoyo la WHO limati padziko lonse odwala dementia amaposa 55 miliyoni, ndipo pa odwala 100 alionse, 60 mpaka 70 amakhala a Alzheimer. Ena imawagwira chifukwa cha kuwonongeka kwa mitsempha ya magazi mu ubongo, monga pambuyo pa sitiroko, n'chifukwa chake BP ndi shuga za amayi timaziyezetsa mosadumpha. Alzheimer imayamba msanga kuwononga kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus, komwe kamathandiza kusunga zatsopano. Apa m'pomwe ndinamvetsa chifukwa chomwe amayi ankatchulira anzawo a kupulayimale osaphonya dzina, koma osakumbukira kuti adya kale. Anapatsidwa mapiritsi a donepezil. Adokotala anatiuza mosabisa kuti sachiza matendawa, amangochepetsako zizindikiro kwa kanthawi, ndipo poyamba amatha kusokoneza m'mimba.

Chotsatira chinali kuitana achimwene ndi achemwali anga kuti tikambe za ndalama ndi mapepala, amayi ali pomwepo. Achimwene anati tikufulumira, amayi akadali bwino. Ndinawayankha kuti n'chifukwa chake tiyenera kuchita tsopano. Chikalata chopatsa munthu wina mphamvu yokusainira ndi kukuyendetsera chuma chimafuna kuti mwini wake akhale akumvetsa zomwe akusaina, ndipo nzeru zikachoka, njira yotsala imakhala yaitali, nthawi zambiri yodzera kukhoti. Tinapita kwa loya. Tinawafunsanso zomwe pakamwa pamalemera kufunsa: akadzafooka kwambiri akufuna kudzasamalidwa kuti, ndani adzawalankhulire kuchipatala. Anayankha momveka bwino, ndipo ndinalemba.

Chovuta kuposa zonsezi ndi kusiya kutsutsa. Amayi amafunsa kuti bambo abwera nthawi yanji, chonsecho bambo anatisiya kalekale. Ukawauza zoona amalira ngati uthenga wa malirowo wangofika kumene, pakapita kanthawi aiwala, afunsanso. Tsopano ndimayankha kuti, "Mwawasowa eti, Amayi? Tandiuzeni, munakumana bwanji paja?" Nkhani imayambika, nkhope imamasuka, funso lija limatha lokha. Alipo omwe amati kumeneku n'kunamiza kholo. Ine ndimaona kuti kuliritsa munthu maliro amodzi tsiku ndi tsiku pofuna kuti ukhale wolondola ndi nkhanza.

N'chimodzimodzi ndi nkhani ya kuba. Chikwama chikasowa, wakuba ndi amene ali pafupi, ndipo amene amakhala pafupi ndi ine. Zimapweteka kutchedwa wakuba ndi mayi wokubala, koma kudziteteza kumangokolezera moto. Ndimangoti, "Pepani Amayi, tiyeni tifunire limodzi." Malo awo obisa ndinawadziwa, m'kati mwa pilo ndi m'nsapato yakale, ndipo ndimayesetsa kuti achipeze okha.

Dzuwa likamalowa zinthu zimasintha, monga zimachitikira odwala ambiri. Amayi amayamba kuyendayenda, kulongedza zovala, kunena kuti akufuna kupita kwawo, ali m'nyumba mwawo momwe. Ndimayatsa magetsi kusanade, ndimatseka makatani kuti zithunzithunzi za pawindo zisawaopseze, ndimazimitsa wailesi, n'kuwapatsa matawulo oti apinde. Ndimaonetsetsa kuti masana ayendako ndipo asagone nthawi yaitali. Pachitseko tinamangirira belu, padzanja amavala chibangili cholembedwa dzina lawo ndi nambala ya foni yanga, ndipo oyandikana nafe tinawafotokozera kuti akawaona okha panjira ayende nawo n'kundiimbira. Posamba ndi povala ndimanena chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo ndimawaonetsa madiresi awiri okha kuti asankhepo.

Chenjezo limodzi la adokotala ndinalilemba pachikuto cha kope: dementia imayenda pang'onopang'ono, choncho munthu akasintha mwadzidzidzi, pali china. M'mawa wina amayi anadzuka osandizindikira n'komwe, akuodzera, akulankhula ndi anthu omwe panalibe, pomwe dzulo lake tinacheza bwinobwino. Tinathamangira kuchipatala, ndipo anapezeka ndi matenda a m'chikhodzodzo. Atalandira mankhwala anabwerera mwakale patapita masiku. Kudzimbidwa, kuchepa kwa madzi m'thupi, chibayo, mankhwala atsopano, kapena ululu womwe akulephera kuufotokoza, zonsezi zimatha kusokoneza wokalamba chotere. Munthu akangoti "ndi matenda awo aja" n'kukhala pansi, akhoza kutaya kholo ndi chinthu chochizika.

Panopa tafika poti kumeza kwayamba kuvuta. Amadya atakhala tsonga, pang'onopang'ono, chakudya chofewa, ndipo sitiwagoneka akangomaliza, chifukwa chakudya chikalowera kumapapo chimabweretsa chibayo. Namwino watiphunzitsa kale kuti akadzafika pomangokhala chigonere pabedi tizidzawatembenuza pa maola awiri alionse kuti asachite zilonda, ndi kuyang'ana m'chiuno ndi kuzidendene ngati khungu lafiira.

Za kupuma kwanga ndinasiya kudikira kuti wina aziganizire. Mawu oti "mukafuna thandizo mutiuze" sasambitsa wodwala. Tinalemba ndandanda n'kuipachika pakhoma: achemwali amagona kuno Lachisanu ndi Loweruka, achimwene amagula mankhwala ndi matewera komanso amapita nawo kuchipatala pa masiku okaonana ndi adokotala. Aliyense akamachoka amalemba m'kope zomwe amayi adya, mmene agonera, ndi ngati apita kuchimbudzi, kuti wolowa asayambe ndi kufunsa amayi.