Injini ziwiri za 15, koma sizikoka mofanana

Sabata ino m'kalasi tinali pa horsepower, muyezo wa mphamvu ya injini. Chomwe chandikhala m'mutu n'chakuti nambala imene imalembedwa pa chivundikiro cha injini amachita kuiwerengetsa. Zimene amayeza ndi ziwiri: torque, mphamvu yopotokola shafiti monga momwe dzanja limakokera sipanala pa nati, ndi rpm, maulendo amene shafitiyo imazungulira pa mphindi imodzi.

Masamu ake ndi aafupi. Torque ikakhala mu pound-feet (muyezo wakale wa Chingerezi), muichulukitse ndi rpm, mugawe ndi 5252, yankho ndi horsepower. Ikakhala mu Nm (newton-metre), monga tazolowera ife, muichulukitsenso ndi rpm, mugawe ndi 9549 ndipo mupeza kW (kilowati, mawati 1000). Horsepower imodzi ndi mawati pafupifupi 746. Nambala ya 5252 ija ili ndi kwawo: James Watt, katswiri wakale wa injini za nthunzi, anaika kuti kavalo amagwira ntchito ya foot-pounds 33,000 pa mphindi, ndipo mukagawa 33,000 ndi 2π (pafupifupi 6.283) mupeza 5252.

Ndinayesa masamuwa pa injini za kuno. Yamaha ya horsepower 15, imene timaiona kumbuyo kwa maboti a asodzi ku Senga Bay, imatulutsa 11 kW ikamazungulira cha m'ma 5000 rpm. Chulukitsani 11 ndi 9549, mugawe ndi 5000: torque yake ndi 21 Nm basi. Ndiye tengani injini ya dizilo ya silinda imodzi, ngati zoyendetsa chigayo zija, nayonso ya 11 kW koma pa 2200 rpm. Imeneyo ikupereka pafupifupi 48 Nm. Papepala zonse ndi za 15, koma inayo imadalira kuthamanga, inzake imadalira kupotokola.

Apa m'pamene ndinamvetsa ntchito ya giya ndi lamba. Magiya a kumunsi kwa injini ya boti amachepetsa liwiro pafupifupi ndi theka, ndipo torque yofika ku pulopela imachuluka pafupifupi kawiri. Mphamvu yeniyeniyo siwonjezeka ayi, imangosinthidwa, mwinanso pang'ono imatayika ngati kutentha.

Kwa ine, wogulitsa injini amene akungotchula horsepower osatchula rpm wanena theka la nkhani. 15 ija imapezeka pokhapokha injini ikafika pa liwiro limene anayezera. Msodzi amene akupita kukaponya chilimira mwapang'onopang'ono kuti asunge petulo akugwiritsa ntchito kagawo chabe ka mphamvu imene analipira.