Chigayo cha matayala anayi

Ku tchalitchi kwathu ku Turffontein, muno mu Joni, mapemphero amatha kawiri. Koyamba abusa akapereka mdalitso, kachiwiri azibambo tikamaliza kukangana za galimoto panja poimika. Achiwiriwa ndi amene amatalika, moti azimayi anasiya kalekale kutikodola, amangokhala pamthunzi n'kumakamba zawo. Tinafika posiya kuitanana mayina. Pali a BMW, mnyamata wa ku Zomba wa 320d. Pali a Benz, mkulu wa mpingo. Pali madala a Corolla. Ndiye ineyo, a Passat.

Yanga ndi ya dizilo, 2.0 TDI, ndinaigula kwa gogo wina wachizungu amene maso anali atayamba kumuvuta. Ndisaname, ndi galimoto. BMW ija ndinaiyendetsapo: pa kona imamatirira msewu chifukwa mphamvu imapita ku matayala akumbuyo, koma wokhala mpando wakumbuyo mawondo amakhala pachibwano, ndipo tayala la sipeya mulibe, ati matayala ake amayendabe ngakhale ataphwa. Ukatero eni ake amayankha kuti yawo inapangidwa pa Rosslyn pompa, kuseri kwa Pretoria, ngati kuti zimenezo zimatalikitsa mpando. Benz ndi yofewa ngati sofa ya kwa bwana, ndipo a Benz sangamalize nkhani osatchula East London kumene amazipanga. Madala a Corolla alibe zambiri. Amangoti yawo ndi ya petulo, ndi ya ku Durban, sipeya yake ungaipeze ngakhale pa Mwanza, basi n'kupinda manja.

Ine zonyadira zinali zambiri. M'buti mumalowa matumba atatu a ufa, malo a sutikesi n'kutsalabe. Ndiye pali nkhani ya chitunda. Joni anakhala pamwamba, mamita opitirira 1,700, mpweya wake ndi wopepuka, choncho galimoto yopanda turbo, kachipangizo kokankhira mpweya mu injini, imapuma wefuwefu ngati munthu wokwera phiri la Dedza atangodya nsima. Corolla ya madala ikafika pokwera imachita kupempha. Yanga umangokhudza pang'ono, imakukankha kumsana mwakachetechete, giya osasintha. Koma chimene chinanditengera ku mbuna ndi thanki. Malita 70. Pa msewu waukulu wa N1 ndikayenda mwaulemu, kompyuta yake imandiuza kuti ikumwa malita osafika 6 pa makilomita 100, ndipo ine ndinawerengera ndekha usiku kuti Beitbridge ndi ulendo wopita n'kubwera osaima pa garaja. (Kwa omwe muli kumudzi, garaja kuno ndi pomwetsera mafuta.)

Lamulungu lina ndinazinena mokweza. A BMW anaseka mpaka kugwira boneti.

"Pa N1 ngakhale wilibala imasunga mafuta, aise. Mukhoza kukwanitsa makilomita 1,000 ndi thanki imodzi muno m'tauni, ndi maloboti onsewa?"

"Ndikwanitsa n'kutsalako wokakupatsani inu."

Tinagwirana chanza pamaso pa mkulu wa mpingo. Wolephera adzagula kanyenya wa gulu lonse. Tsiku lomwelo ndinadzaza thanki mpaka pakhosi, ndikumuuza mnyamata wothira uja kuti awonjezerebe, kamita ka makilomita ndinakabwezera pa zero.

Masabata atatu otsatira ndinakhala munthu wovuta kukhala naye. Choziziritsa mpweya ndinaletsa. Mawindo ndinaletsanso, chifukwa mphepo imakoka galimoto. Mkazi wanga amafika kuntchito ali thukuta kamukamu ngati wachokera kudimba. Pa loboti ndimanyamuka ngati ndanyamula mazira, madalaivala a ma taxi kumbuyo hutala ili pii, akunditukwana m'Chizulu mawu amene mwamwayi sindinawaphunzirebe. Ndinatulutsa m'buti chilichonse cholemera: jeke, ambulera ya mayi, mpando wa pulasitiki wa mwana, mpaka katrayango kofiira kochenjezera kaja, kamene sikalemera kuposa mbale.

Kagetsi ka mafuta kanayaka Lachinayi, mita ili pa 921.

"Abambo, aka kayaka liti?"

"Kangoyaka kumene. Ndikudikira Lachitatu, dizilo atsika."

Linali bodza lovala bwino. N'zoona kuti kuno mitengo ya mafuta imasintha Lachitatu loyamba la mwezi, ndipo n'zoona kuti dizilo garaja iliyonse imaika mtengo wake pamene petulo boma limaika umodzi m'dera lonse, moti munthu wa dizilo amakhala ndi chifukwa chodutsira garaja imodzi n'kumati kutsogoloko n'kotchipa. Mayi anangondiyang'ana.

Loweruka apongozi anga amafika kuchokera ku Ntcheu. Aka kanali koyamba kubwera ku Joni, masiku awiri ali m'basi kudzera ku Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge. Ndinawerengera: Turffontein kupita ku Park Station n'kubwerako, ndikhala ndili pa 990 ndi kanthu, Lamulungu m'mawa ndizungulira mpanda wa tchalitchi kangapo, kanyenya ndadya. Ndinatsuka galimoto, matayala ndinapaka polishi.

Tinawapeza atakhala pa katundu wawo ngati nkhuku pa mazira. Thumba la ufa woyera, mpunga wa Kilombero, nyemba, usipa, mabotolo a Sobo okulungidwa m'zitenje, ndi chikatoni china chomanga ndi linya. Ndinapereka moni nditanyonyomala, maso pansi, ndinalonga zonse m'buti mtima ukuwerenga makilogalamu. Nditaliza injini, apongozi anapendeketsa mutu n'kumvetsera.

"Iwe," anatero kwa mwana wawo, "pafupi pano pali chigayo?"

Mkazi wanga anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Dizilo akangodzuka amaliradi gudugudu, sindikana, koma palibe amene anandiuzapo choncho. Ndipo sindikanatsutsa, chifukwa mayi amenewa anayendetsa chigayo cha injini ya Lister pa Lizulu kuyambira mkazi wanga ali kumsana mpaka magetsi atafika.

Apongozi ndi ine sitilankhulana mwachindunji. Ndi mwambo, ndipo onse awiri timausunga. Iwo ali mpando wakumbuyo, ine ndili kutsogolo kwawo kwenikweni, mtunda wa mkono umodzi, koma mawu amayenera kudzera kwa mkazi wanga ngati kalata yodzera ku positi.

"Uwauze bambo kuti katoniyo ndi ya mwana wa aneba athu. Akuti amakhala pa Tembisa. Mayi ake anati ifike lero, muli nkhuku yootcha."

Pa Tembisa. Anatchula ngati akunena kuseri kwa nkhokwe. Kompyuta inali ikunena kuti kwatsala makilomita 20, Tembisa ali patali kuposa pamenepo ulendo wopita wokha. Mkazi wanga anatembenuka n'kundiyang'ana, nsidze zili m'mwamba. Apa munthu wanzeru akanakhotera pa garaja ya pa Braamfontein, n'kuthira wa 200 rand, n'kukagula kanyenya mawa lake. Ine ndinakumbukira kuti gogo wachizungu uja anandiuza kuti ikalemba zero imakhala ikadali ndi kena kobisa. Ndinaganiza kuti ndingofika pa 1,000 basi, ndijambule chithunzi, garaja yoyamba ndiime.

"Uwauze amayi kuti palibe vuto."

Tinalowa M1. M1 wa kuno si wathu uja wodutsa pa Lizulu, woti ukaima amayi amakuthamangira ndi mbatata ndi kabichi pawindo. Uyu ndi mtsinje wodzaza, aliyense ali pa liwiro ngati akuthawa ngongole. Tinadutsa Parktown, Killarney, 20 ija inasanduka 10, 10 inasanduka 0. Ine ndinayamba kuimba nyimbo ya m'buku pansipansi. Titangodutsa potulukira pa Corlett Drive galimoto inatsokomola kamodzi, kawiri, kenako zii. Chiwongolero chinauma ngati mpini. Ndinaikokera kumbali ndi mphamvu zanga zonse mpaka inaima yokha kuseri kwa mzere wachikasu.

Mita inali pa 994.

M'galimoto munali chete woti ukanamva usipa ukupuma m'buti. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Woyamba kutsegula pakamwa anali apongozi.

"Uwafunse bambo ngati tafika."

Ndinatuluka kukafuna katrayango, ndinakumbukira kuti kali kunyumba pamodzi ndi jeke. Pobwerera ndinapeza apongozi atatsika kale, akuthyola nthambi za zitsamba za m'mbali mwa msewu n'kumaziyala kumbuyo kwa galimoto, mtunda ndi mtunda, monga timachitira lole ikafera pa Kampepuza. Azungu amachepetsa liwiro kuti aone. Wina anajambula.

A BMW sindikanawaimbira ngakhale kunali kufa. Ndinaimbira madala a Corolla.

"Madala, ndithandizeni, mafuta andithera pa M1. Koma zisamveke."

Anafika pasanathe ola, ndi chigubu chachitsulo cha malita 10. Sananene kanthu, anangoyang'ana nthambi zija, n'kuyang'ana ine. Tinadula botolo la pulasitiki kuti likhale fanulo, ndinaliika pakamwa pa thanki, madala anatsegula chigubu, ine ndinachinyamula n'kuyamba kupendeketsa.

"Bambo! Imani!"

Ndinatsala pang'ono kugwetsa chigubu. Zaka zisanu ndi zitatu ndili pabanja, mayi amenewa anali asanandilankhulepo maso ndi maso. Anabwera, anaviika chala pakamwa pa chigubu, ananunkhiza, anatikita ndi chala chachikulu n'kuchionetsa kumwamba. Chinali chitauma kale.

"Uyu ndi petulo. Dizilo amaterera, sauma chonchi. Mukathira uyu mupha pampu, chifukwa pampu imadzola dizilo yemweyo. Mnyamata wanga wina anachitapo pa chigayo, tinakhala mwezi osagaya."

Ndinayang'ana madala. Madala anayang'ana kumwamba.

"Munati mafuta, achimwene. Ine zaka makumi awiri ndikafika pa garaja ndimangoti 93."

Analibe mlandu. Chichewa chathu mafuta ndi mafuta basi, a galimoto, a nyale, odzola, onse dzina limodzi. Apongozi anati tiyamike kuti sanabweretse ophikira. Makaniko anadzandiuza pambuyo pake kuti injini zamakonozi zimapopa dizilo pa mphamvu yoopsa, petulo akalowamo pampu imadzipala yokha n'kumwaza tizitsulo mpaka m'ma injector, ndipo mtengo wokonzera ukanafika pafupi ndi umene ndinagulira galimoto. Madontho atatu okha ndi amene anagwera mu fanulo.

Petulo uja tinamuthira mu Corolla, wolipira ine. Madala anati anditengere ku garaja, koma ine mtima wa Passat unali usanafe. Kukwera galimoto imene ndakhala ndikuinyoza Lamulungu lililonse, pamaso pa apongozi? Ndinati foni ikuonetsa garaja pompano, iwo angotenga mayi ndi katoni ya nkhuku apite ku Tembisa. Apongozi anakana kusiya ufa wawo pamsewu wa eni, anatsala akulondera.

Garaja ija inalidi pompano, koma tsidya lina la msewu ndi mpanda. Kuti ndikafike ndinabwerera potulukira paja, kuwoloka mlatho, kuzungulira mipanda ya magetsi ya anthu olemera, agalu akundiperekeza ndi mawu, nsapato za ku tchalitchi zikundidya zidendene. Pobwerera chigubu chinali chodzaza ndipo chimasintha dzanja pa mtengo uliwonse wa magetsi. Ndinapeza apongozi atayala chitenje pamthunzi wa galimoto, akudya mtedza.

Tinathira. Ndisanagwire kiyi anandiimitsanso, tsopano atazolowera.

"Musalize. Yameza mpweya imeneyi. Tsegulani kutsogoloku, mundipatse sipanala."

Ndinatsegula boneti. Anasuzumira, anapeza chivundikiro chakuda cha pulasitiki kuchokera uku mpaka uko. Anagogoda ndi chala.

"Injini yake ili kuti?"

Amafuna kapampu ka pamanja ndi kanati komasula kuti thovu lituluke, monga pa Lister. Mulibemo. Ine ndinati zamakono sizifuna zimenezo, ndinaliza. Inazungulira, osagwira. Ndinalizanso. Kachisanu inayamba kulira mofooka ngati mbuzi yodwala, ndinasiya. Tinadikira makaniko wina wa kwathu wa ku Rosettenville, amene anafika dzuwa litapendeka ndi kakompyuta m'manja. Anakalumikiza pansi pa chiwongolero, pampu ya m'thanki inayamba kung'ung'uza yokha, anadikira pang'ono, analiza, gudugudu uja anabwerera.

"Inameza mpweya, bwana," anatero akupinda ndalama zanga.

Apongozi sananene kanthu. Anangokutumula chitenje.

Usiku umenewo ndinapangana ndi mkazi wanga kuti nkhani ithere m'nyumba. Madala ndi munthu wosunga chinsinsi. Lamulungu ndinafika ku tchalitchi thanki ili yodzaza, ndikutsimphina pang'ono, nditakonza kale zoti ndinene: kunabwera alendo, mpikisano tiyambirenso. Abusa anawalandira apongozi, anaimirira, mpingo unawomba m'manja. Titatuluka, a BMW anabwera molunjika, akupukusa makiyi pa chala, a Benz ali pambuyo ngati mboni.

"A Passat, tiuzeni. Yafika pa zingati?"

Ndinatsegula pakamwa, koma mawu anachokera kumthunzi kwa azimayi.

"Uwauze anzawowo kuti 1,000 inakwana," anatero apongozi kwa mwana wawo, mokweza kuti amve ndi a kwaya omwe. "Galimoto inayenda 994. Otsalawo bambo anamalizitsa okha wapansi, ndi chigubu."

A Benz anagamula kuti kanyenya ndigule ndine, ndipo mbale yoyamba ipite kwa amayi.