Tizidutswa ta Matabwa ndi Zokongoletsa za Khrisimasi

Kumashedi a akalipentala a pa boma la Kasungu, pansi pa benchi iliyonse pamaunjikana tizidutswa ta matabwa totsala popanga mabedi, zitseko ndi makabati, ndipo tambiri timathera m'mbaula. Zimandiwawa kwambiri ndikaona kachidutswa ka mlombwa kakupsa, pakuti mtengo umenewu umatenga zaka zochuluka kuti ukhwime, ndipo m'boma lathu lino, momwe mitengo yachilengedwe yachepa chifukwa cha kuumitsa fodya ndi kuwotcha makala, mlombwa waukulu suoneka wamba kunja kwa malo otetezedwa monga Kasungu National Park. N'chifukwa chake ndimatola tizidutswati n'kupanga tinthu tokongoletsa m'nyumba pa Khrisimasi.

Thabwa lililonse lili ndi khalidwe lake. Paini, amene wambiri amachokera ku Chikangawa, ndi wofewa ndipo sowo imadutsa mosavuta, koma amang'aluka mukakhoma msomali pafupi ndi kumapeto, choncho ndi bwino kuyamba mwabowola. Malaina ndi wopepuka, woyera, ndipo amalola kusemedwa ndi tchizulo ngakhale ndi mpeni wakuthwa, moti ndi amene ndimapangira nkhosa, abusa ndi nyenyezi. Bulugamu sindimulimbikitsa pa tinthu ting'onoting'ono chifukwa amachita ming'alu akamauma. Mlombwa ndi mbawa ndimasungira zinthu zimene ndikufuna kuti zikhalitse, ndipo sindizipaka penti, chifukwa kubisa kufiira kwake ndi mizere yake yachibadwa n'kutaya chinthu chimene sitolo iliyonse singakugulitseni.

Chimene ndimakonda kupanga koposa ndi khola la Yesu wakhanda, longa lija limaikidwa m'matchalitchi a Katolika, koma laling'ono lokwana pa tebulo. Mizati yake imachokera ku timizere topyapyala timene timatsala akamawongola m'mbali mwa thabwa, denga ndimafolera ndi udzu wouma, ndipo pansi ndimawaza timapalapala topotana tochokera ku pulena. Modyera ng'ombe ndi tizidutswa tiwiri tolumikizidwa ngati chilembo cha V. Anthu a m'kholamo safuna luso lalikulu: kachidutswa kotalika ngati chala, kosemedwa mutu ndi mapewa, kakavekedwa kansalu ka chitenje, aliyense amazindikira kuti ndi Mariya kapena Yosefe. Amene anafikako ku KuNgoni, ku Mua m'boma la Dedza, malo a zachikhalidwe ndi zosemasema amene anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976, akudziwa mmene nkhani za m'Baibulo zimakhudzira mtima zikasemedwa ndi nkhope ndi zovala zakwathu, ndipo ngakhale luso langa lili kutali ndi la amisiri akumeneko, njira yake ndimatsata yomweyo.

Kusalaza ndiko kumadya nthawi. Ndimayamba ndi sandipepa wokhakhala wa nambala 80, kenako 120, n'kumalizira ndi 220, ndipo nthawi zonse ndimatsata kumene mizere ya thabwa yaloza, chifukwa kupingasa kumasiya zikanda zimene vanishi amazionetsa poyera. Pamene pali kabowo ndimamatapo utuchi wosalala wa thabwa lomwelo wosakaniza ndi guluu woyera. Ntchito imeneyi ana amaitha bwino, bola zida zakuthwa zikhale m'manja mwa akuluakulu.

Chenjerani ndi zidutswa za mapolo ndi matabwa onyikidwa m'mankhwala oteteza ku chiswe, amene amaoneka obiriwira kapena akuda ndi onunkha phula. Amenewa musawaseme, musapatse ana, ndipo musawasonkhezere moto, pakuti fumbi ndi utsi wake ndi zapoizoni.

Kumbukiraninso kuti Khrisimasi yathu imagwa m'dzinja, pamene guluu ndi vanishi zimachedwa kuuma ndipo thabwa lonyowa limapindika. Pitani kwa akalipentala mu Okutobala mvula isanayambe, muwapemphe mwaulemu kuti azikupatulirani tizidutswa ta mlombwa ndi malaina, muwapatse kangachepe, ndipo mukatisunge pamalo ouma, pamwamba, potalikirana ndi dothi.