Mafani akuzungulira, madzi ali chiimire

Sabata ino kushopu yathu yokonza makompyuta ntchito zambiri zinali za masiku onse: malaputopu odzaza fumbi, machaja opsa ndi kuzimazima kwa magetsi, kuikanso Windows. Zimenezo mukuzidziwa. Chimene chandikwiyitsa ndi makina a Lachitatu.

Anabwera nawo mnyamata wina wojambula mavidiyo a maukwati. Kompyuta yabwino ndithu, CPU (ubongo wa kompyuta) yake ndi Core i9, yoziziritsidwa ndi madzi, radiyeta ya 360mm. Akangoyamba render (kutulutsa vidiyo yomalizidwa), makina amakwawa ngati nkhono, kenako n'kuzima okha. Vidiyo imafunika Loweruka, ndalama za eni ukwati atalandira kale.

Ine ndisanamasule ndi sikuluu yomwe, abwana anali atamulonjeza. "Ndi paste chabe ameneyu, mubwere madzulo." (Paste ndi phala lopaka pakati pa CPU ndi choziziritsira chake.) Kenako kwa ine: "Achimwene, pakani paste, chotsani fumbi, ntchito ilipo yambiri."

Nditatsegula HWiNFO, pulogalamu yoonetsa kutentha kwa makina, ndinaona kuti CPU ili pamwamba pa madigiri 70 isanagwire ntchito iliyonse. Kungoipatsa ntchito, yafika kale pa 100, pamene imayamba kudzichepetsera liwiro kuti isapse. Paste wouma amakweza kutentha, inde, koma osati chonchi. Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti mafani onse atatu amakhala akuzungulira, timagetsi tikuwala, ndiye woyang'ana pagalasi amati zili bwino. Gwirani ndi dzanja. Radiyeta inali yozizira, block (mbali yokhala pa CPU, momwe muli pampu) ili moto, ndipo paipi imatentha pafupi ndi block pokha. Madzi sankayenda. Mu BIOS (masetingi oyambira a kompyuta), RPM ya pampu, ndiye kuti liwiro lake, imangodumphadumpha, nthawi zina n'kugwera pa 0. Nditatchera khutu, mpweya umamveka ukugubuduka m'kati.

Amene anamanga makinawa anaika radiyeta pansi pa bokosi, pampu n'kukhala pamwamba pa zonse. Ma AIO, zoziziritsira zamadzi zotsekedwa ngati chimenechi, amataya madzi pang'onopang'ono kudzera m'mapaipi zaka zikamapita, ndipo mpweya umakasonkhana pamalo okwera kwambiri. Pampuyo yakhala ikupalasa mpweya mpaka kutha. Ndinasamutsira radiyeta pamwamba, ndinalumikiza pampu pa AIO_PUMP, polumikizira pake pa motherboard, n'kuiika pa 100%. Kutentha kunatsika kwa kanthawi, kenako pampu inaimanso. Inali itafa basi.

Nditawauza abwana, yankho lawo linali lakuti, "Tsegulani muthiremo madzi." Apa ndinakana, ndipo ndinakana mokweza. Chinthu chotsekedwa ku fakitale, mbale yamkuwa ndi radiyeta ya aluminiyamu, muthiremo madzi apampopi? Zidzadyeka m'kati, ndipo madzi sadzutsa pampu yakufa. Komanso tsiku limene chidzadonthe, adzalandira dontholo ndi graphics card imene ili pansi pakepo, ndipo kasitomala adzabwera kudzafuna amene anagwira makina ake, osati amene analonjeza.

Chondiwawa n'chakuti m'shopu yonse mulibe ngakhale cooler imodzi yamphepo yosungira tsiku ngati ili. Ndakhala ndikupempha. Nthawi zonse yankho ndi forex, pomwe tonse tikudziwa kuti kuitanitsa katundu ku Johannesburg kumatenga masabata, komanso kuti Okutobala ndi Novembala ndiyo miyezi imene makina otentha amabwera motsatizana.

Lachinayi ndinakwera minibasi kupita ku Limbe, ndalama yam'thumba mwanga, kukabwereka tower cooler, yamphepo, kwa mnzanga wantchito yomweyi. Mwayi anali ndi bracket ya LGA1700, yomangira cooler pa CPU yamtunduwu. Ndinapukuta CPU ndi spiriti ya isopropyl, kupaka paste watsopano, n'kuchepetsa power limit (malire a magetsi amene CPU imakoka) mu BIOS popeza i9 siisewera. Render inatha yonse osazima, kutentha kuli m'ma 80. Mnyamata uja anatenga makina ake Lachisanu, ndipo ndinamuuza zoona zonse, kuti cooler imeneyi ndi yobwereka ndipo yake ija singakonzeke.

Pa risiti abwana analemba "service". Cooler ya mnzanga ija iyenera kubwerera kumapeto kwa mwezi, ndipo mpaka Loweruka masana pamene timatseka, oda ya yatsopano inali isanaperekedwe.