Mbale wa dawe amene ndimasamala ku Bristol

Aliyense amene anapalirapo chimanga m'dimba amamudziwa dawe. Ukamuzula lero, mlungu wamawa wameranso, chifukwa timbatata take timatsalira m'nthaka. N'chifukwa chake mayi atamva pa foni kuti ndatulutsa ndalama kugula mbale wake wa dawe n'kumubzala pakhomo, anandifunsa ngati maluwa atha ku Mangalande kuno.

Udzu umenewu ndi Carex montana, dzina limene anaupatsa katswiri wa zomera Linnaeus mu 1753. Uli m'banja limodzi ndi dawe ndi gumbwa, ndipo ukagwira phesi lake n'kulizunguza pakati pa zala umamva kona zitatu. Kwawo ndi ku Ulaya konkuno, m'mapiri ndi m'nkhalango zolowa dzuwa. Ku Britain ndi wosowa: umapezeka m'malo ochepa monga New Forest, mapiri a Mendip kumwera kwa Bristol, ndi kumwera kwa Wales. Chonde musakaukumbe kumeneko. Lamulo la 1981 limaletsa kuzula chomera chakutchire popanda chilolezo cha mwini malo, komanso ukatha kutchireko sudzabwerera msanga. Wanga ndinagula ku nazale, uli m'timiphika.

Chimene ndimaukondera n'chakuti suyenda. Pamene waubzala umakhala pomwepo, n'kumangokulitsa chitsinde chake pang'onopang'ono. Sutalika, umathera pa masentimita 20 kapena 30, ndipo masamba ake ndi opyapyala, ofewa, osacheka dzanja. Chakumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo, mitengo yambiri idakali yopanda masamba, iwo umatulutsa timitu takuda, kenako pamwamba pake pamatuluka ngayaye zachikasu. Munthu wodutsa mofulumira sangazione. Ine ndimagwada pansi kuti ndizione bwino, makamaka m'mawa ndikaweruka ntchito ya usiku, pamene maso anga atopa ndi magetsi a m'nyumba. Mu Okutobala masamba aja amasanduka achikasu, kenako ofiirira, n'kugona pansi nyengo yonse yachisanu.

Dothi la kuseri kwa nyumba yanga ndi lamakande, lomata, ndipo nthawi yachisanu limasunga madzi. Udzuwu chisanu suchiopa, chimene umadana nacho ndi kukhala m'madzi. Choncho ndisanabzale ndinagaula mozama, n'kusakanizamo timiyala ting'onoting'ono ndi masamba owola. Nthaka ya laimu imauyanja. Ndinabzala mu Sepitembala, dothi likadali lofunda, motalikirana masentimita 30, m'mphepete mwa kanjira pansi pa mtengo wa apozi pomwe dzuwa limafika mpaka masana. Chilimwe choyamba ndinkathirira pafupipafupi. Mizu itagwira ndinasiya, kupatula pamene kwatentha masabata angapo popanda mvula.

Feteleza ayi. Apa ndimalimbikira kwambiri, chifukwa ife tinakula tikudziwa kuti mbewu yopanda feteleza ndi njala, ndiye dzanja limayabwa kufuna kuthira. Udzu uwu unazolowera nthaka yosauka ya m'mapiri. Ukaudyetsa kwambiri masamba amatalika n'kumagwa, chitsinde chimataya maonekedwe ake. Masamba owola odzaza manja awiri pachaka akwanira.

Ntchito yeniyeni ndi ya mu Febuluwale. Masamba ouma aja ndimawasiya chisanu chonse kuti aziphimba tsinde, ndiye mweziwo ukamatha ndimawadula ndi sizasi, kusiya masentimita ngati 5. Mukachedwa mpaka pakati pa Malichi mudzadulira limodzi timitu ta maluwa, chifukwa timafulumira kutuluka. Pakati pa zitsindezo ndinakwiriramo anyezi a maluwa otchedwa crocus. Amachita maluwa udzu utangodulidwa, ndipo masamba awo akamafota udzu watsopano umakhala wawabisa kale.

Chitsinde chikakalamba chimafa pakati n'kutsala chozungulira ngati nkhata. Si matenda, ndi mmene umakulira ngakhale kutchire. Mukafuna, chikumbeni nyengo yachisanu ikangotha, muchiduledule ndi mpeni wakuthwa chifukwa mizu yake ndi yolimba, mutaye chapakati chakufacho, zidutswa zam'mbali mubzalenso tsiku lomwelo n'kuthirira. Zidutswa za chaka chino ndinagawira mnzanga wa kutchalitchi wochokera ku Mulanje, amene ali ndi kamalo kouma pansi pa mpanda pomwe kapinga wakhala akumukanika.