Botolo la vinyo wa ku France landikumbutsa munda wa agogo ku Chiradzulu

Abale, izi ndimafuna kulemba kalekale koma ntchito inandipanikiza. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndine weita pa lesitilanti ina muno mu Blantyre, ndipo vinyo amene timatsegula tsiku ndi tsiku amakhala wa ku South Africa basi. Ndiye Lachisanu lina kunabwera bambo ena achikulire ndi mayi akunyumba kwawo, atanyamula botolo lawolawo, akuti mwana wawo anawatengera ku France. Nditatsegula anati "mwana wanga, thira pang'ono mu tambula ulaweko, wotsegula azidziwa chimene akutsegula." Abwana anavomera. Ee, fungo lake ngati dothi mvula yoyamba ikangogwa, kukoma kwake ngati mabulosi akupsa osakaniza ndi katsabola, ndipo mkamwa sikumachoka msanga.

Pa botolopo panalembedwa Château de Beaucastel, dzina la munda wa mphesa komwe vinyoyo amachokera. Usiku umenewo nditafika ku Chilomoni ndinamaliza bandulo yonse kuwerenga za munda umenewu.

Uli kummwera kwa France, dera la Châteauneuf-du-Pape, pafupi ndi mzinda wa Avignon komwe apapa ankakhala m'zaka za m'ma 1300, dzina la deralo linachokera kwa apapawo. Mu 1909 mundawu unagulidwa ndi Pierre Tramier, kenako anausiyira mkamwini wake Pierre Perrin. Mkamwini, abale! Apa ndinaimika kaye kuwerenga chifukwa kwathu mkamwini amalima munda wa kuchikamwini zaka zambiri koma sauwerengera ngati wake, pomwe uyu anaugwira mpaka lero dzina la Perrin ndi lomwe likudziwika, ndipo pano akuyendetsa ndi a m'badwo wachisanu.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mwana wa Pierre Perrin, Jacques Perrin. Mu 1950, nthawi imene alimi ambiri amathamangira feteleza ndi mankhwala opopera, iyeyu anasankha kulima popanda zimenezo, kumangodalira manyowa ndi khasu, ndipo ana ake Jean-Pierre ndi François atatenga munda sanasinthe. Anaumiriranso kubzala mtundu wa mphesa wotchedwa Mourvèdre womwe umachedwa kupsa, pomwe anzake ambiri amadalira Grenache. Lero kuli vinyo wawo wina wapadera wa dzina lake, Hommage à Jacques Perrin, anayamba mu 1989 ndipo samupanga chaka chilichonse, koma chaka chimene mphesa zachita bwino zedi.

Mundawo mukauona pa chithunzi mutha kunena kuti ndi pamtsinje pouma, miyala yobulungira yokhayokha. Ife tikanatola yonse nkuunjika m'malire, koma iwo amaisiya dala chifukwa masana imatenga kutentha kwa dzuwa nkumabweza usiku, komanso imasunga chinyezi pansi. Kulinso mphepo yamphamvu yochokera kumpoto, amati mistral, siili ngati chiperoni chathu chobwera ndi nkhungu ayi, iyi ndi youma ndipo imaumitsa masamba kuti mphesa zisagwidwe chuku. Mitengo yake ya mpesa ndi yomezanitsa ngati mmene timachitira ndi mango, chifukwa cha m'ma 1860 kunabuka kachilombo kotchedwa phylloxera kamene kanawononga mizu m'minda yambiri ya ku France, ndiye anapulumuka polumikiza mpesa wawo pa mizu ya ku America.

Kapangidwe kake nkofuna kudekha. Amalima mitundu yonse 13 ya mphesa yololedwa m'deralo, amathyola ndi manja, mtundu uliwonse amauwiritsa pawokha ndi makungu ake omwe, poti kufiira kwa vinyo kumachokera ku makunguwo osati madzi a mkati (ine zaka zonsezi ndikutsegula mabotolo izi sindimazidziwa). Akatero banja limalawa, nkusakaniza, nkuika m'migolo ikuluikulu ya matabwa pafupifupi chaka asanathire m'mabotolo.

Tsono chimene ndalembera ndi ichi. Agogo anga aakazi anasiya munda ku Chiradzulu, wamiyala womwewo, muli mango amene anabzala okha ndi nandolo yemwe sanalepherepo ngakhale chaka cha chilala. Pano abale ena akufuna tiudule maploti tigulitse tigawane ndalama, ndipo sindikuwaweruza chifukwa fizi ikuvuta, chimanga chadula, inenso ndinali nditavomera mumtima. Koma kuyambira Lachisanu lija tulo sindikupeza bwino, ndikungoganiza kuti agogo ankadziwa pamene madzi amaima, pamene chinangwa chimakana, ndipo tikagulitsa nzeru zimenezo zipita ndi mundawo, ana anga azidzangouloza ali pa minibasi.

Ndawaimbira amalume dzulo, ndawapempha kuti asasaine kalikonse kaye. Anangoti "bwera tidzakambirane pamaso." Loweruka mmamawa ndikukwera ku Limbe, ndipo botolo lopanda kanthu lija bambo aja anandilola kutenga, ndilinyamula ndikawaonetse.