Usiku womwe ndinaononga dala laputopu yanga

Phunziro la sabata ino kukalasi yathu yamadzulo, la System Restore (njira yobwezera Windows mmene analili asanasokonekere), linandiwawitsa mtima, chifukwa likanabwera chaka chatha sindikanataya ndalama. Nthawi imeneyo ndinaika dalaiva (kapulogalamu kothandiza kompyuta kuyendetsa chipangizo) wa pulinta yakale amene ndinamutenga pa intaneti, basi laputopu n'kumangoonetsa sikirini yabuluu ikayatsidwa. Ndinakwera minibasi kuchoka ku Area 25 mpaka kutauni, kwa mnyamata wina wokonza makompyuta. Sanaiyang'ane n'komwe bwinobwino. "Iyi tingoifomata, achimwene." Ndinabwerako ndi Windows watsopano, mapulogalamu anga onse atapita.

Ndiye aphunzitsi akutiuza kuti Windows ali ndi System Restore kuyambira pa Windows Me, mu 2000. Zaka zonsezi! Restore point imasunga mmene Windows analili tsiku lomwe yapangidwa: registry (kaundula wa masetingi a Windows), madalaiva, mafailo a Windows mwiniwake ndi mapulogalamu omwe analimo. Zinthu zikasokonekera umangomubweza pomwepo.

Chinandidabwitsa n'chakuti pamakina ambiri a Windows 10 chinthuchi chimakhala chozimitsidwa, ndipo yanganso inali choncho. Umalemba "Create a restore point" pofufuzira, n'kusankha C:, kenako Configure, n'kuyatsa system protection. Pomwepo pali kachingwe kokoka kosonyeza malo omwe ukupereka padisiki. Apa ine ndinachita kaliuma, ndinapereka kochepa zedi. Aphunzitsi anandigwira paphewa n'kuti malowo akadzadza, Windows amafufuta yekha ma point akale, ndiye tsiku lomwe udzafune la mwezi watha udzapeza kulibe.

Nditafika kunyumba ndinafuna kuona ndi maso anga. Ndinapanga point n'kuitcha "ndisanaike pulinta". Kenako ndinatenga dalaiva yemwe uja, anali akadali pafulashi, n'kumuikanso. Mayi akunyumba anangoti, "Bambo, ndalama ya minibasi ina ija muli nayo?"

Sikirini yabuluu inabweradi. Ndinaizimitsa ndi batani ikungoyamba kuyaka, katatu motsatizana, mpaka Windows anatsegula yekha pokonzera. Troubleshoot, Advanced options, System Restore, point yanga ija ili poteropo. Pali batani lakuti "Scan for affected programs" lomwe limakuonetseratu zimene zichoke, ndipo dalaiva uja anali pamndandandawo. Nkhawa yanga inali batire, popeza ndi lokalamba ndipo magetsi kwathu sachedwa kuthima, pamene ntchitoyi siifuna kudulidwa pakati. Mwamwayi anakhalapo. Nsima isanaphulidwe, laputopu inali itayaka ngati kale. Windows akamatheka kutseguka njira ndi yachidule, umangolemba rstrui pofufuzira paja.

Koma ndinayesanso china mwakachetechete. Ndisanaike dalaivayo ndinafufutiratu kalata ina yakale ndi Shift ndi Delete, poganiza kuti nayonso ibwerera. Sinabwerere. System Restore sakhudza zolemba, zithunzi kapena nyimbo zako. Sazichotsa, komanso sazibweza. Ndiponso ma point onsewo amakhala padisiki lomwelo, mufoda yobisika ya System Volume Information, kotero disikilo likafa nawonso afera limodzi.

Ine ndinkaganiza kuti ndapeza nkhokwe ya zonse. Mmawa mwake ndinakopera ma asainimenti anga onse pafulashi ija, nditayamba ndachotsamo dalaiva wa pulinta.